Tsiku Limene Ndinatulutsa Mpando Wanga Panja

Esinati mwana wanga, gawo lino ndikulembera iwe makamaka, ngakhale alongo ako awiri nawonso aliwerenge. Unandifunsa tili pa ukwati wa mlongo wako Yosefe kuti bwanji anzanga amene ndinayamba nawo ntchito anakathera m'tauni, m'nyumba za magetsi, pamene ine ndinakalambira pazenera la kachipatala ka kumudzi. Ndinakuyankha kuti ndi mmene Mulungu anakonzera. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Ntchito ya m'tauni inandipeza, inachita kundigogodera pakhomo, ndipo ndinaitaya ndekha ndi pakamwa panga pomwepa. Tsopano poti ndinapuma, ndipo mbuzi zanga sizifuna kalaliki, nthawi yofotokoza bwinobwino ndili nayo.

Chaka choyamba pa ntchito

Ndinayamba ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, pa kachipatala kena mbali ya ku Mpingu. Ntchito yanga inali yolemba odwala. Munthu akafika ankayamba waima pazenera langa, ine n'kulemba dzina, mudzi ndi zaka zake m'buku lalikulu, n'kumupatsa tikiti yokaonetsa kwa adokotala. Ndinali ndi malaya oyera awiri, zolembera ziwiri m'thumba, ndi matama oti sangakwane m'kachipindako. Ndinkaona ngati chipatala chonse chikuyenda chifukwa cha ine.

Mkulu wa pamalopo anali a Kamwendo, bambo wamfupi wadazi amene sindinamumvepo akukweza mawu. Tsiku langa lachitatu anabwera n'kuima kumbuyo kwanga. Pazenera panafika mayi wina wachikulire, ndipo ine osadzutsa n'komwe mutu ndinangoti, "Dzina?" Mayiyo anangoti chete. Ndinabwereza mokuwa poganiza kuti samva. A Kamwendo anandigwira paphewa.

"A Phiri, kodi kwanu n'kuti?"

"Konkuno ku Mpingu, bwana."

"Ndiye kuno ku Mpingu mlendo akafika pakhomo mumamulandira ndi funso, eti? Amayiwa makutu awo ali bwinobwino. Akudikira kuti muwaone."

Anawerama pazenera paja, n'kuwapatsa moni amayiwo, n'kuwafunsa mmene asiyira kunyumba. Pakamwa pamene panali potseka panatseguka. Ananena za ana, za mvula imene inakokolola kamlatho, kenako pomaliza ndi pamene ananena kuti akhala akutsokomola magazi kwa mwezi wathunthu. Atapita, a Kamwendo anandiuza mawu amene ndinayenda nawo zaka zonse. Anati anthu athu amabwera kuchipatala ndi malonje ngati mmene amafikira pakhomo la munthu. Mlendo sayamba ndi chimene wadzera. Umamupatsa pokhala, umamupatsa moni, iye n'kuyamba ndi zabwino, ndipo cholemera chimene wasenza amachitula kumapeto. Ukamudula pakati amabwerera nacho kwawo.

Zosowa zinali zambiri masiku amenewo. Matikiti akatha tinkadula mapepala a matumba a simenti, ine n'kumalemba mizere ndi rula. Mankhwala a malungo ankatha mvula ili pakati, ndipo ine ndi amene ndinkayamba kuona nkhope za anthu akamva zimenezo. Ndikadandaula, a Kamwendo ankati, "Mapepala atha, mankhwala atha, koma moni sunathe. Perekani umenewo." Ndinkaseka, koma ndinkapereka.

Chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka cha makumi awiri

M'chaka chachisanu ndi chimodzi ndinakwatira amayi ako, a Nankhoma, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Nambuma. Chaka chomwecho anandisamutsira ku kachipatala kamene iwe unabadwira, pakati pa Nsaru ndi Nambuma. Dzina lake ukulidziwa, ndipo pano sindilemba chifukwa ena amene ndiwatchule akadali pa ntchito. Nyumba yathu uikumbukira: zipinda ziwiri, khitchini ya udzu, madzi okatunga ku mjigo wa kuseri kwa tchalitchi. Anthu a m'mudzi anatibwereka munda, ndipo tinkalima chimanga ndi mtedza ngati wina aliyense.

Kumeneko ndi kumene anandipatsa dzina loti a Malonje. Ndisadzikometsere: sanandipatse pondiyamikira pokha ayi. Mzere wanga unkayenda ngati maliro. Ndinkafunsa za kunyumba, za fodya, za mwana amene anabwera naye mwezi watha, ndipo nthawi zina ndinkapitirira muyeso chifukwa ineyo kucheza ndimakukonda. Anamwino ankandinena, ena pamaso, ena kumbali. Komabe ndinkakonda kuona zimene zinkachitika pa mabenchi a pakhonde paja. Anthu osadziwana, wina wa ku Kabudula wina wa ku Chitukula, ankagawana chimanga chootcha. Mayi ankanyamulira mnzake mwana kuti akamwe madzi. Akaona wina wafooka kwambiri, onse ankangoti, "Apiteko kaye awa," popanda wowauza.

Mafoni atafika zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono. Matikiti anali atasiyidwa, aliyense ali ndi kabuku kake ka kuchipatala. Munthu ankafika foni ili kukhutu, n'kuponya kabukuko pazenera ngati akuponyera nkhuku chimanga. Ine sindinkakwiya. Ndinkangopinda manja kudikira kuti amalize, kenako ndimvekere, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Ambiri ankachita manyazi n'kuseka, n'kutola kabuku kaja kuti andipatse ndi manja awiri. Anthu sanali oipa, anali atangophunzira kuthamanga.

Chaka cha makumi awiri ndi ziwiri

Chaka chimenecho tinalandira mkulu watsopano, Mayi Mwale. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wophunzira bwino, wolimbikira ntchito moti ankafika alonda asanachoke. Sabata yake yoyamba anangoyang'ana. Yachiwiri anandiitana mu ofesi.

"A Phiri, ndimakulemekezani ngati bambo anga, koma pazenera panu ndi pamene pamatsekera chipatala chonse. Amayi amachoka kwawo kusanache, n'kubwerera dzuwa litapendeka, ana osadya. Kuyambira mawa alonda azipereka timakadi ta manambala pachipata. Inu muzifunsa zitatu zokha: dzina, mudzi, zaka. Zacheza kutchalitchi."

Ndinatuluka mtima ukuwawa. Ndinaona kuti kwa iwo ndinali tsobola wakale, wosawawa. Koma ndinamvera, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Mayi Mwale sanalakwitse. Mzere umene unkatha dzuwa litapendeka unayamba kutha nkhomaliro isanakwane. Amayi ankafika kwawo nthawi yabwino n'kuwaphikira ana. Chimodzi chokha ndi chimene ndinaona ine ndekha: pa mabenchi paja panakhala zii. Aliyense ankangoyang'ana kakadi kake. Zoti apiteko kaye awa zinatha, chifukwa nambala ndi nambala.

Patapita miyezi isanu kunabwera nkhani yoti pa chipatala chachikulu m'tauni pakufunika mkulu wa makalaliki. Ntchitoyo inali ndi nyumba yake, ya magetsi ndi mpopi wamkati. Mayi Mwale, amene ine ndinkawaona ngati mdani, ndi amene anapereka dzina langa. Anati ndakhalitsa, mabuku anga ndi aukhondo, ndipo tsopano ndaphunzira changu. Kunangotsala kuti bwana wina abwere adzandione ndikugwira ntchito.

Iwe Esinati unali utangosankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, ulendo wa njinga wopitirira ola limodzi, pamene m'tauni sukulu ikanakhala pafupi. Amayi ako msana unali utayamba kale kuwavuta chifukwa cha ndowa za ku mjigo. Pa zaka zonse za ukwati wathu anali asanandipemphepo kanthu kakakulu, koma apa anandikhazika pansi.

"Bambo a Esinati, ndimakudziwani. Tsiku limene abwere bwanayo, kamodzi kokha aka, tsekani pakamwa. Dzina, mudzi, zaka. Mukafika kuno mudzandilonjere ine mpaka mutope."

Ndinalonjeza, ndipo ndinalonjeza ndi mtima wonse, chifukwa nyumba ya magetsiyo nanenso ndinkaifuna.

Lolemba lija, m'mwezi wa Okutobala

Bwanayo anali a Tembo, munthu wamtali wofatsa, wovala magalasi. Anafika Lolemba, tsiku limene anthu amachuluka, dzuwa likuswa mtengo. Anakhala kumbuyo kwanga foni ili m'manja akuyang'ana nthawi, Mayi Mwale ataima pambali pawo. Ndinagwira ntchito ngati makina. Dzina, mudzi, zaka, wotsatira. Ndinamva a Tembo akunong'oneza kuti, "Ali bwino awa," ndipo mumtima ndinayamba kale kusankha pamene tidzaike wailesi.

Cha m'ma teni koloko pazenera panafika bambo wina wokalamba amene ndinali ndisanamuonepo. Anali atavala jekete ngakhale kunkatentha choncho, chipewa atachipana m'khwapa, kakadi ka nambala atakagwira ndi manja awiri. Kabuku analibe, choncho ndinatenga katsopano.

"Dzina?"

"Filimoni Banda."

Ndinafunsa mudzi, anatchula mudzi wakutali kumalire a Kabudula. Ndinafunsa zaka, anati sakudziwa bwino. Ndinalemba zongoyerekeza, n'kuwapatsa kabuku. "Khomo lachiwiri, mukadikire pa benchi. Wotsatira!" Benchi ya khomo lachiwiri inali yodzaza mpaka pansi, moti akanakhalapo ola linanso.

Koma bamboyo sanasunthe. Analandira kabuku, anaomba m'manja pang'ono, n'kunena kuti, "Zikomo, bambo." Kenako anangoima akundiyang'ana. Sanali wosokonezeka, ndipo sankaoneka wodwala. Kaimidwe kameneko ndinali nditakaonapo nthawi zosawerengeka. Anali munthu amene wasenza kanthu ndipo akudikira kuti mwini khomo amufunse.

"Wotsatira, a Phiri," anatero Mayi Mwale chapansipansi.

Ndikuuze zoona mwana wanga, ndinaganiza za iwe, ndinaganiza za msana wa amayi ako. Ndinadziuza kuti mwina akungofuna kufunsa kumene kuli chimbudzi. Cholembera ndinali nditachiika kale pa mzere wotsatira. Koma dzanja linakana kulemba. Ndinaimirira, ndinanyamula mpando wanga womwewo, ndinadutsa pakati pa mabwana awiri aja, n'kutuluka nawo pakhonde. Anthu onse anatembenuka. Ndinauika pamthunzi, n'kunena kuti, "Khalani apa, bambo." Ine ndinanjuta pambali pawo.

"Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, kaya inu mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino. Nanga kunyumba mwasiyako bwanji?"

Anaika chipewa pabondo, n'kuyamba mwadongosolo lake. Anati kumudzi kuli bwino, ana adzuka, adzukulu adzuka, ng'ombe zayenda bwino ngakhale msewu ndi woipa. Ine ndinkamva maso a a Tembo kumsana kwanga, koma sindinawadule. Kenako anatsitsa mawu.

"Koma amene sanadzuke bwino ndi mayi a kunyumba. Kuyambira dzulo akungotsegula m'mimba ndi kusanza. Ali pa ngolo, kuseri kwa mpandaku. Pamene ndimabwera kudzaima pa mzere anali atasiya kundiyankha."

Sindikumbuka kuti ndinakuwa chiyani. Ndimangokumbuka Mayi Mwale akundipitirira liwiro, nsapato imodzi itatsala pakhonde. Ngolo tinaipeza pansi pa mtengo wa mango, ng'ombe zili zomangirira, mayiyo atagona pa mphasa atafunditsidwa chitenje, maso atalowa, milomo itauma gwa. Tinawanyamula pa machira anthu anayi, ndipo mmodzi mwa anayiwo anali a Tembo, magalasi ali pamphuno. Mayi Mwale anavutika kupeza mtsempha, koma anaupeza, n'kuika diripi. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti mayi ameneyu ntchito yake ankaidziwa, ndipo anthu ankawakonda mwa njira yake.

Zinthu zitadekha ndinawafunsa a Filimoni chifukwa chimene sananenere pachipata pomwe. Anandiyang'ana modabwa.

"Pachipata anandipatsa kapepala n'kunena kuti ndidikire nambala yanga, ngolo isalowe. Ndinaona anthu onse ali chete, aliyense ndi kapepala kake, ndiye ndinati ndi mwambo wa pano. Kwa eni kulibe mkuwe, bambo. Ndimati mukandifunsa ndinena."

Masana a tsiku lomwelo a Tembo anandiitana mu ofesi ya Mayi Mwale. Sanandikalipire. Anandigwira chanza, n'kunena kuti zimene anaona sadzaiwala. Kenako anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"A Phiri, ndikhale woona mtima. Kumene tikufuna kukutumizani, anthu amene mumaona pano sabata yonse amafika m'mawa umodzi. Mkulu wa makalaliki akadzuka pa mpando, mawindo onse amaima. Tikufuna munthu woti aphunzitse anyamata changu. Za lerozi zachitika, ndipo zachitika bwino. Koma ndikufunseni: mukabwera m'tauni, mudzatha kuzisiya?"

Yankho linali lapafupi. Ndikanangoti inde bwana, nyumba inali yathu. Mayi Mwale ankandiyang'ana, mutu ukugwedezeka pang'ono kundiuza kuti ndivomere. Koma ndinkadziwa kuti ndikavomera ndiye kuti ndikunamiza munthu amene wandifunsa mwaulemu, kapena ndikulonjeza kuti tsiku lina ndidzaona kaimidwe kaja n'kuitana wotsatira. Miyezi isanu ndinali nditayesa kukhala munthu woteroyo, ndipo m'mawa womwewo ndinatsala pang'ono kukhoza. Zimenezo ndi zimene zinandiopsa.

"Bwana," ndinatero, "changu ndaphunzira, ndipo ndikuthokoza amayiwa. Koma munthu akadzaima chonchija, ndidzadzukanso. Ndipo anyamata anuwo ndidzawaphunzitsa kudzuka. Sindingakulonjezeni zina."

A Tembo anavala magalasi awo. "Ndamva, ndipo zikomo posandinamiza." Atatuluka, Mayi Mwale anakhala pansi n'kugwira mutu. "A Phiri, inu ndinu munthu wovuta kumuthandiza." Tinaseka tonse awiri, koma ine kuseka kwanga kunali kwa mantha, chifukwa kunyumba kunali kukundidikira.

Sabata yomweyo, ndi zaka zotsatira

Kalata yonena kuti ntchito ija apatsa munthu wina inabwera patapita mwezi, ndipo sinadabwitse aliyense. Timakadi ta manambala sitinathe, ndipo ine sindinafune kuti tithe. Chimene Mayi Mwale anasintha n'chakuti m'mawa uliwonse, zenera lisanatsegulidwe, ndinkayenda pa mzere wonse kupereka moni ndi kufunsa ngati pali amene wasiya wodwala panja. Zinkatenga mphindi zochepa. Tinagwira limodzi ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero amandiimbira foni pa Khirisimasi. Ine ndinakhala pazenera lomwelo mpaka tsiku lopuma. Ndikamapita ku msika wa ku Nsaru, anthu amene sindikuwakumbuka n'komwe amandiimitsa kuti andifunse mmene ndadzukira, ndipo ulendo wa ola limodzi umanditengera m'mawa wonse. Sindidandaula.

Koma iwe unapalasa njinga zaka zinayi, m'matope ndi m'fumbi, chifukwa cha yankho langa lija. Tsiku lina unafika yunifolomu itanyowa, makope atafufuma, n'kukhala pakhonde kulira, ndipo ine ndinalowa m'nyumba chifukwa sindikanatha kukuyang'ana. Sindinakupepesepo. Pepa, mwana wanga. Mtengo wa ulemu wanga unalipira ndiwe ndi amayi ako, osafunsidwa.

Amayi akowo ndinawauza Lolemba lomwelo, dzuwa lisanalowe. Ndinawapeza akuchokera ku mjigo, ndowa ili pamutu. Ndinawatula, n'kufotokoza zonse osabisa kanthu. Sanakuwe, sanalire. Anangoti, "Ndinakupemphani chinthu chimodzi." Kenako analowa m'khitchini. Masiku atatu athunthu sanandilankhule. Chakudya ndinkachipeza patebulo chovundikira, madzi osamba ali kubafa, koma mawu ayi. Pa moyo wanga wonse sindinaonepo chilango choposa chimenecho, ine munthu wokonda kucheza.

Tsiku lachinayi ndinaweruka n'kuwapeza pakhonde akusankha mbewu ya mtedza m'lichero. Ndinaima pamenepo ngati mlendo, osadziwa kuti ndilowe kapena ndikhale. Anapitiriza kusankha osandiyang'ana.

"Mayi a pa ngolo aja ali bwanji?"

"Atuluka lero m'mawa. Ayenda okha mpaka pa ngolo."

Anasiya kusankha mtedza uja. Ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye mwaimiriranji pamenepo? Kanoleni makasu. Mizere sitinamalize, ndipo mvula siidikira anthu a m'tauni."

M'mawa mwake tinalawirira kumunda tonse awiri. Za nyumba ya magetsi sanazitchulenso mpaka lero, kupatula masiku amene mjigo wawonongeka.